Kuzizira kwatha, koma musathamangire ku kaunjika ndi malipiro onse

Abale anga a pagulu pano, ndi ine mwana wa msodzi uja. Uthengawu ndi wautali, amene muli pa ntchito muwerenga madzulo.

Mwera wagonja. Dzulo ndinaimbira bambo ku Msaka, akuti nyanja yagona, zilimira zayambanso kulowa usiku uliwonse. Kuno ku Lilongwe mango achita maluwa, fumbi lili koboo, ndipo mu ofesi mwathu ikamakwana 10 koloko majuzi onse amakhala atakolekedwa kumbuyo kwa mipando. Nde nyimbo ija yayambika: "Mwezi ukatha ndisintha zovala zonse, zachisanuzi zatha ntchito." Ine ndikuti dikirani kaye, mumve zimene zinandionekera.

Chaka chomwe ndinayamba ntchito, September ngati yemweyu, ndinkafuna anthu aiwale zoti ndinakulira pa thandala la usipa. Ndinatenga katapila, uja wotenga 100 kubweza 150, n'kukagula mashati asanu onyezimira, mathalauza awiri akuda ndi nsapato zosongoka. Sabata yoyamba ndinkayenda ngati ofesiyo ndi yanga. Kufika October, eee! Mashati aja anali a poliyesita. Ukakwera minibasi ya ku Area 25 masana, shati imamatirira kumsana ngati pulasitiki, ndipo fungo la m'khwapa silichoka ngakhale uchape ndi sopo wanji. Koma chimene chimandiwawabe si fungolo. Mwezi womwewo injini ya bambo inafa. Anandiimbira mwaulemu, kuti mwanawe ngati ulipo ndi kenakake. Ndinalibe. Boti linakhala pa gombe masabata awiri, nthawi yomwe nyanja ili bata anzawo akubwera ndi usipa wodzadza. Anthu amene ankadya pa boti limenelo ndi mabanja angapo, osati lathu lokha. Bambo sananenepo kanthu mpaka lero, ndipo bola akanandikalipira.

Ndiye ndikamanena za zovala musaone ngati ndi nkhani ya masewera. Kaunjika wa lero si uja tinkagula ndi tchenji. Kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, belo inakwera mpaka mavenda a ku Tsoka anaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo mu February 2025 kukadandaula za mitengo. Ngati wogulitsa akulira, wogulawe uli pati?

Chimene munthu wa ntchito ngati yathu akusowa panopa, ife amene bwana satiumiriza tayi, n'chochepa kwambiri. Tsegulani sutikesi kaye. Mashati a chaka chatha akadalipo, mwina batani lokha ndi limene linathothoka, kapena kolala yatha, telala wa pakhonde akhoza kuitembenuza. Mukatero muona kuti mukusowa awiri basi, osati asanu.

Awiriwo ndiye musankhe mofatsa. Musayang'ane dzina lili pakhosi, yang'anani kansalu kakang'ono kali m'kati cha m'mbali, kamene kamanena kuti shati ndi ya chiyani. Mukaona 100% cotton, ndi thonje limenelo, tengani. Kakakhala kuti kanadulidwa, ifumbateni m'manja n'kuisiya. Ya thonje imatsala ndi makwinya, ya pulasitiki imadziwongola yokha ngati sinakhudzidwe. Anthu amakonda yachiwiriyi poti sivuta kusita, makamaka magetsi akamazimazima, koma kusitako ndi mtengo wa kupuma kwa thupi lanu. Za mtundu, yoyera mbee ndi fumbi la September sizigwirizana, pofika 12 koloko kolala yafiira. Yotuwa imaulula thukuta kuposa ina iliyonse, mukangokweza mkono mu msonkhano aliyense wadziwa. Ine ndimatenga yabuluu wosawala kwambiri kapena ya timabokosi. Ndipo vesiti m'kati musaisiye poti kwatentha, ndi imene imamwa thukuta shati n'kukhalitsa.

Lachisanu muli kale ndi yankho: chitenje. Mamita awiri, telala wodziwa ntchito, mwapeza shati yoti palibe wina aliyense ali nayo. Chokhacho, zitenje zinanso masiku ano ndi pulasitiki yokhayokha, zigwireni kaye. Mlongo wanga akuti ndiwauze amayi kuti vuto la madiresi ambiri si nsalu yakunja koma ija amaika m'kati, imatentha ngati uvuni. Ndawauza.

Ena munena kuti munthu amalemekezedwa ndi maonekedwe. N'zoona, sindikukana. Kumasuka pa ntchito sikutanthauza kubwera ndi jezi ya Bullets kapena ya Manoma ndi mapatapata kumapazi. Koma ndaona anthu ovala zodula akununkha, ndaonanso mlonda wa pageti pathu ali ndi mashati atatu okha, ochapa, osita, aliyense akumupatsa moni woimirira.

Juzi imodzi yopepuka musaipakire. M'mawa wa September ukadalumabe, ndipo a m'maofesi a makina oziziritsa mukudziwa nkhondo yake. Ndipo ngati ndalama ilipo yoti muononge ndithu, gulani jekete panopa. Wogulitsa safuna kukhala nalo mpaka May, amatsitsa yekha. Bambo amagula ukonde wosokera nthawi imene anzawo sakuuganiza, nzeru yake ndi yomweyo.

Zolemera zija muchape, ziume kwenikweni padzuwa musanazitsekere. Mukapakira zili ndi thukuta la July, mvula ikayamba zichita chuku, njenjete n'kumaliza.

Koma pali jekete lina limene aliyense wa ife ali nalo, lija simunalivale chaka chino ngakhale kamodzi. Limenelo ndi limene ndalembera zonsezi. Inu a m'tauni mukati kwatentha, simunakhale pa nyanja 3 koloko ya m'bandakucha. Siginala amakhala yekha m'bwato laling'ono ndi nyali zake usiku onse kudikira usipa usonkhane, madzi akumuwaza, kamphepo kakumulowa m'mafupa, ngakhale mu October. Alovi akamakoka chilimira amanyowa thupi lonse. Ambiri ndi anyamata oti jekete sangalikwanitse, amavala thumba la pulasitiki lobowola pamutu. Ine ndinavalapo, ndikudziwa mmene mano amagundanira.

Langa lakuda lija, limene ena mumandiseka nalo kuti ndi la alonda, likupita Loweruka. Pali mayi wina wogula usipa amene amatsika ku Msaka sabata iliyonse, wavomera kunyamula thumba limodzi ulere. Thumbalo likadali ndi malo. Amene muli nalo mundiuze kumbali pasanafike Lachisanu madzulo, ndidzadutsa ndikaweruka. Lichapeni kaye chonde, ndipo zipi ikhale yogwira.