Chikalata cha Bungwe la Abusa ndi Mashehe pa Maganizo a Sir Roger Scruton Okhudza Chipembedzo ndi Uchigawenga

Ife abusa ndi mashehe a m'bungwe lino tikufuna kunena poyera pamene taima pa maganizo a malemu Sir Roger Scruton, katswiri wa ku England wolimbikitsa kusunga miyambo ya makolo, yemwe anamwalira mu Januwale 2020. Buku lake, The West and the Rest, linatuluka mu 2002, zigawenga za al-Qaeda zitapha anthu pafupifupi 3,000 ku America pa 11 Seputembala 2001.

A Scruton ankati dziko limaima nji anthu ake akamakonda malo awo, kumvera lamulo limodzi posayang'ana chipembedzo, ndi kudziwa kukhululukirana m'malo mosunga mangawa. Iwo ankaona kuti ku Ulaya zimenezi zinamera m'Chikhristu, makamaka m'chiphunzitso chosiyanitsa za Kaisara ndi za Mulungu. Ankachenjezanso kuti mnyamata wozulidwa kwawo, wosowa pogwira m'mizinda yachilendo, sachedwa kukodwa mumsampha wa olalikira chidani. Apa tikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Mohamed Atta, mmodzi wa amene anachita chiwembu cha pa 11 Seputembala chija, analowa m'gulu la zigawenga akuphunzira ku Hamburg, kutali ndi kwawo ku Egypt. Msilikali angathe kuthamangitsa chigawenga m'tchire, koma mtima wa mwana umaumbidwa pakhomo, kutchalitchi ndi kumzikiti.

Koma pamene malemuwa ankakayikira ngati Chisilamu chingakhale mosavuta pansi pa lamulo la dziko lomangira anthu onse pamodzi, ife tikukana. Tikukana chifukwa cha zimene zachitikira anansi athu ku Cabo Delgado, m'dziko la Mozambique. Zigawenga zisanaukire tawuni ya Mocímboa da Praia mu Okutobala 2017, atsogoleri achisilamu a kumeneko anali atachenjeza kale boma za anyamata onyoza mashehe awo ndi kuletsa ana kupita kusukulu. Nkhondo itabuka, mpeni sunasankhe. Asilamu ndi Akhristu anaphedwa, otsala n'kuthawa limodzi, ndipo zimenezi zinachitikanso ku Palma mu Malichi 2021. Kuloza chala chipembedzo chonse n'kutaya mboni zoyamba kuona ngozi.

Choncho tikupempha maboma a m'chigawo cha SADC kuti atsogoleri a zipembedzo akachenjeza azimvedwa msanga, magazi asanakhetsedwe. Makolo, dziwani amene akuphunzitsa ana anu, pa foni ndi pamaso pomwe. Abusa ndi mashehe anzathu, wina akayamba kulalikira kupha m'dzina la Mulungu, mudzudzuleni pagulu ndipo kamunenezeni kwa akuluakulu a chitetezo.