"Adzalankhula Akakula" Ndi Bodza

Ndinakulira pakomboni ina ya pafamu ya fodya ku Guruve, pakati pa zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzafuna ntchito. Kumeneko mwana akafika zaka zitatu asakuyankha dzina lake, akuluakulu amati: "Musiyeni, adzalankhula akakula. Amalume ake nawonso anachedwa." Ndikulemba kutsutsa mawu amenewa, chifukwa ndinaona mwana wa achemwali anga akudikiridwa choncho mpaka zaka zisanu ndi chimodzi.

Khutu limangotola phokoso. Limene limamva ndi bongo. Mbali ya bongo yomasulira mawu imakula ikamalandira mawu, ndipo ikakhala duu kwa zaka, ntchito zina monga za maso zimayamba kuilanda malo. Mu 2002, Anu Sharma ndi anzake ku America anayeza ana oikidwa cochlear implant, kachipangizo kamene madokotala amalowetsa mkati mwa khutu kuti kazitumiza mawu ku mtsempha wakumva. Ana oikidwa asanakwane zaka zitatu ndi theka, bongo wawo unkayankha mawu mofanana ndi wa ana akumva. Ambiri oikidwa atapitirira zaka 7 sanafike pamenepo. N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kuti khanda liyezedwe makutu lisanathe mwezi umodzi, vuto litsimikizidwe pofika miyezi itatu, thandizo liyambe pofika miyezi isanu ndi umodzi.

Wina anena kuti kachipangizoko ndi ka anthu a ndalama, wogwira ntchito m'chigafa sangakakwanitse. N'zoona. Opaleshoni yake imadya madola masauzande ambiri, kuwonjezapo mabatire ndi maulendo a ku Harare okaphunzitsa mwana kulankhula. Koma umphawi sutipatsa chilolezo chokhala manja lende. Nthawi imene ikuthera bongo ndi yophunzira chinenero, ndipo chinenero chimalowanso kudzera m'maso. Mwana wosamva wobadwa kwa makolo olankhula ndi manja amaphunzira chinenero pa msinkhu wofanana ndi wa anzake akumva. Vuto ndi lakuti ana osamva oposa 90 mwa 100 alionse amabadwa kwa makolo akumva, amene sadziwa chizindikiro ngakhale chimodzi.

Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa ndi chinenero cha manja pa mndandanda umodzi wa zinenero 16 zovomerezeka. Ife Achewa tinasangalala ndi dzina lathu papepalapo. Nanga ndani anabwera pakomboni kudzaphunzitsa mayi kunena "madzi" kapena "moto, usagwire" ndi manja? Sukulu ya ana osamva ya Emerald Hill ili ku Harare, ndipo mwana akamakafika kusukulu ngati imeneyo, zaka zofunika kwambiri zimakhala zitapita.

Ndikutsutsanso amene amaletsa makolo kugwiritsa ntchito manja ati mwana angachite ulesi kulankhula. Kumeneko n'kumumana chinenero chimene chilipo lero podikira chipangizo chimene mwina sichidzabwera. Ziwirizi sizilimbana.

Zimene ndikupempha a zaumoyo n'zotheka. Kusikelo kumene amayeza mwana kulemera kwake, amuyezenso makutu. Aliyense wochira matenda oumitsa khosi ayezedwe asanatuluke m'chipatala. Alangizi a zaumoyo oyenda m'makomboni aphunzitsidwe zizindikiro zoyambira kuti aziphunzitsa mabanja.

Ndipo inu amayi, inu agogo, ngati chitseko chamenyeka khanda osadzidzimuka, pitani nalo kuchipatala sabata lomwelo. Akakuuzani kuti mudikire, funsani kuti mudikira mpaka liti.