Ana Akalepherana pa Tchesi

Poyendera ophunzira uphunzitsi pa sukulu ina kufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu, tidapeza ana aŵiri a Sitandade 7 akuseŵera tchesi pakhonde, anzawo atawazinga monga achitira akuluakulu pa bawo. Asilikali ena adali zitsekerero za mabotolo.

Chiyambi chidali chosiririka. Mtsikana adakankha msilikali wa patsogolo pa mfumu kufika pa e4, mnyamata nayankha ndi e5. Akavalo adatulukira pa f3 ndi c6, mabishopu pa c4 ndi c5. Kayambidwe kameneka ndiko katchedwa Giuoco Piano, ndiye kuti "maseŵera ofatsa", ndipo Gioachino Greco wa ku Italy adakalongosola cha m'ma 1620. Koma titafunsa mtsikanayo chimene bishopu wake adali kufuna pa c4, iye adati, "Ndi m'mene adatiuzira aphunzitsi." Sadadziŵe kuti bishopuyo aloza f7, malo amene mlonda wake ndi mfumu yokha. Zoloŵeza pamtima zitatha, anawo adangoyamba kudyerana chisawawa.

Potsiriza mtsikana adatsala ndi mfumu ndi mfumukazi, mnyamata ndi mfumu yokha, ili pangodya. Mwaphuma mtsikanayo adayandikitsa mfumukazi, kotero kuti mfumu ya mnzake idasoŵa kopita ngakhale kuti sidali kuwopsezedwa. Malamulo ati pamenepo alepherana, ndipo pampikisano aliyense alandira theka la pointi. Mphunzitsi wophunzirayo adangoti, "Palibe wapambana, yambiraninso," nasonkhanitsa zonse.

Ife tikuti pamenepo adafufuta bolodi ana asanakopere. Maseŵera othera m'kulepherana ndiwo okoma kuphunzitsira, pakuti palibe mwana amene ali kulira, palibenso wodzitama. Onse aŵiri afuna kudziŵa pamene padalakwika. Akadabweza mfumukaziyo pamalo pake, nafunsa gulu lonse kuti, "Kodi akadayenda bwanji?" Akadabwereranso kuchiyambi kuja, kuti ana anene okha chifukwa chake timayamba ndi kulanda pakati ndi kutulutsa akavalo msanga. Mlanduwu sitiukankhira kwa iye yekha ayi: ifenso kuno kukoleji timakonda kukupatsani mayankho okonzeratu, ndipo inu mukawapereka kwa ana monga mudawalandirira, pa tchesi ngakhalenso pa masamu.

Mnyamata uja adatinong'oneza pambuyo pake kuti adathaŵira pangodya dala, poyembekeza kuti mnzake achita phuma. Palibe adamfunsa zimenezo.