Kamera Yabwino Siidziwika ndi Dzina

Kale, pa ukwati kapena pa ubatizo ku Petauke, wojambula zithunzi anali kulandiridwa monga mlendo wolemekezeka. Lero lamya za m'manja zinamulanda nchito, komabe makamera akale a filimu ayambanso kufunidwa m'maiko ambiri, ndipo mitengo yace yakwera. Mnyamata amene wagulitsa nshawa ku Petauke, kapena nthoci ku Nyimba, kuti agule imodzi, asathamangire dzina lochuka. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Funso loyamba likhale la batire. Canon AE-1 ya mu 1976 njokongola ndiponso njosavuta, koma popanda batire lace la mavolti 6 siijambula konse. Batire lotere silipezeka m'kantini ya kumudzi, ndipo Lusaka ali pa mtunda wa makilomita ngati 400. Pentax K1000, imene inapangidwa kuyambira 1976 kufikira 1997, imayenda ndi masipuling'i. Kabatire kace nkopimira kuwala cabe. Nikon FM2 ya mu 1982 ili cimodzimodzi, ngakhale kuti mtengo wace ngwowawa. Olympus OM-1 ya mu 1972 njopepuka, koma copimira cace cifuna batire la mercury limene analeka kupanga. Zenit-E ya ku Soviet Union ilemera ngati njerwa, koma siifuna batire lililonse.

Funso laciwiri nla lenzi, ndilo diso la kamera. Diso lililonse limalowa pa kamwa la mtundu wace. Mu 1987 kampani ya Canon inayamba kusiya kamwa la FD, kotero kuti maso akalewo sagwirizana ndi makamera ace a kamwa latsopano. Kamwa la Pentax K la mu 1975 linatengedwanso ndi Ricoh, Chinon ndi Cosina. Ndipo la M42, lomanga ngati nati, lipezeka pa Zenit, pa Praktica ya ku East Germany ndi pa Pentax Spotmatic. Thupi la kamera yotere likafa, diso limasamukira pa ina, ndipo ndalama sizitayika zonse.

Cacitatu ndi nyengo. Kutentha kwa Okutobala m'cigwa ca Luangwa kumafulumiza kusungunuka kwa siponji yotsekereza citseko ca kumbuyo. Kuwala kukalowa, filimu yonse ya zithunzi 36 imaonongeka. Cinyezi ca m'dzinja naco cimameretsa cuku m'kati mwa diso. Wogula wanzeru atsegule citseko, aunike diso pa kuwala, ndipo acotse batire kuti aone ngati kamera ikali kulira.

Mwambo wa Tuwimba wa Ansenga a Mfumu Kalindawalo umacitika kamodzi pa caka, ndipo mkwatibwi sabvalanso velo cifukwa cakuti batire linatha. Kwa munthu wa kuno, kamera yoyenda ndi masipuling'i, yokhala ndi kamwa lofala, iposa ya dzina lalikulu. Safunsa anadya phula.