Pamene Masipika a M'chombo Akamba Bodza

Mlungu watha tinakangana mu situdiyo tikuyembekezela kuti malaiti abwele. Mnzanga wa pulogilamu ya achinyamata anali kutionetsa mavidiyo a pa TikTok a zombo zija zikuluzikulu zimene anthu amakwela kuti akasangalale chabe: madamu osambilamo pamwamba, zakudya zosatha, nyimbo mpaka m'bandakucha. N'nafunsa kuti, "Nanga kaputeni wake ni ndani?" Onse anaseka. Akuti munthu amene walipila ndalama zake kuti akadye na kuvina alibe naye nchito kaputeni, monga mmene ife sitifunsila dzina la dilaiva tikakwela basi pa Intercity.

Mbali ina akamba zoona. Pa chombo chotele, kaputeni sakhala pa chiwongolelo tsiku lonse. Pali maofesala amene amasinthana maola, pali makompyuta osunga njila, ndipo poloŵa padoko amakwela katswili wa pamalopo kuti alangize poyenda. Chimene mlendo amakumbukila akabwelela kunyumba ni wophika, woyeletsa chipinda na woimba. Kaputeni amamuona tsiku limodzi, atavala zoyela, akujambulitsa na anthu.

Koma ine sin'navomele, ndipo mwina ni chifukwa cha nchito yanga ya pa wailesi. N'maona kuti kwa munthu wokwela, kaputeni ni mawu aja otuluka m'masipika zinthu zikavuta. Uli m'chipinda chopanda windo, magetsi azima, pansi payamba kupendekeka. Sungaone nyanja, sungaone injini. Chimene udziŵa ni chokhacho chimene wauzidwa.

Tengani Costa Concordia. Pa 13 January 2012 chombochi chinanyamuka ku Civitavecchia, ku Italy, na anthu oposa 4,200. Kaputeni Francesco Schettino anachipatutsa panjila kuti chipite pafupi na chisumbu cha Giglio ngati moni kwa anthu a kumeneko, ndipo cha m'ma 21:45 chinagunda mwala n'kung'ambika m'mbali. Kugunda mwala kunali kulakwa kwakukulu, koma chimene chimanipweteka maningi ni ola lotsatila. Masipika anauza anthu kuti ni vuto la magetsi chabe, lili kukonzedwa. Ena anauzidwa kubwelela m'zipinda zawo. Lamulo lakuti onse atuluke m'chombo linabwela patapita ola na mphindi zingapo, chombo chitapendekeka kale moti maboti ena opulumukila anavuta kuwatsitsa. Anthu 32 anafa, pamalo amene magetsi a kumtunda anali kuoneka na maso.

Schettino anachoka anthu akali m'chombo. Ofesala wa asilikali olondela gombe, Gregorio De Falco, anam'kalipila pa foni kuti abwelele, ndipo mawu amenewo anajambulidwa, dziko lonse linawamva. Sanabwelele. Mu 2015 khoti linam'gamula zaka 16. Ngoziyi inasinthitsanso malamulo: lomba okwela afunika kuphunzitsidwa za kothaŵila chombo chisananyamuke kapena chikangonyamuka, chifukwa usiku uja mazana a anthu amene anakwelela ku Civitavecchia anali asanaonetsedwe kumene maboti awo ali.

Apa mnzanga uja akanatha kunigwila na nkhani ya Oceanos, ndipo n'idziŵa bwino kuti imavutitsa mfundo yanga. Chombo ichi chinanyamuka ku East London kupita ku Durban mu August 1991, nyanja itakalipa. Madzi ataloŵa, kaputeni Yiannis Avranas na ena mwa anchito ake sanalize belu, sanalengeze chilichonse, ndipo iye anakwela helikopita okwela ambili akali kudikila. Woimba gitala, Moss Hills, wobadwila ku Zimbabwe, anapita kuchipinda choyendetsela chombo n'kupeza mulibe munthu. Iye na anzake osangalatsa alendo ndiwo anagwila wailesi kuitana thandizo, ndiwo anakonza mizele, ndiwo anamanga anthu pa zingwe za mahelikopita a asilikali a South Africa. Anthu onse 571 anapulumuka chombo chisanamile pa 4 August.

Ndiye kuti kaputeni alibe nchito, poti woimba gitala anakwanitsa? Ine n'ona mosiyana. Mpando uja sunakhale wopanda munthu. Wina anakakamizika kukhalapo. Panafunikabe mawu amodzi amene anthu angawakhulupilile, ouza uyu kuti dikila, uyu kuti pita. Anthu a pa Oceanos anachita mwayi kuti munthu wamtima anapezeka, komanso kuti gombe linali pafupi moti mahelikopita anafika. Kodi mungalipile tikiti podalila kuti woimba wa usiku umenewo adzakhala wolimba mtima?

Chitsanzo chimene n'makonda chilibe mwala kapena chimphepo. Mu February 2020, Diamond Princess inatsekeledwa padoko la Yokohama ku Japan chifukwa cha kolona, muli anthu 3,711. Okwela anauzidwa kukhala m'zipinda zawo kwa milungu iŵili, ena opanda olo windo. Kaputeni Gennaro Arma analibe mphamvu pa kachilomboko, ndipo zosankha zambili zinali m'manja mwa boma la Japan. Oposa 700 anatenga matendawa, ena anamwalila, ndipo mawu ake sanachilitse aliyense. Chimene anachita ni kukamba na anthu tsiku na tsiku pa masipika, kuwauza zimene zachitika, zabwino na zoipa zomwe, na kulimbikitsa anchito amene anali kupeleka chakudya khomo na khomo ali na mantha. Ndiye anali womaliza kutsika m'chombomo, ndipo pambuyo pake pulezidenti wa Italy, Sergio Mattarella, anam'patsa ulemu wa dziko. Iye na Schettino ni a dziko limodzi, yunifomu yofanana, ndipo pa chithunzi cha tsiku la phwando simukanawasiyanitsa.

Pamenepa m'pamene pali vuto lenileni, ndipo n'livomela: wokwela sangasankhe kaputeni. Pogula tikiti amaona mtengo, chipinda na madoko. Khalidwe la munthu wa pamwamba uja limaonekela pa ola limene kusintha maganizo sikuthekanso. N'chifukwa chake funso la "ni ndani?" lifunika kupita kwa kampani imene inam'lemba nchito: imam'lola kupatuka panjila kuti asangalatse anthu? Ofesala wamng'ono angathe kum'tsutsa osaopa kuchotsedwa nchito? Pa Concordia panali maofesala ena m'chipinda chija, ndipo chombo chinafikabe pamwala.

Malaiti atabwela tinaloŵa pa mphepo, mkangano usanathe. Mnzanga akali kunena kuti akadzapeza ndalama adzakwela chombo ku Durban ndipo sadzafunsa dzina la munthu aliyense. N'namupempha chinthu chimodzi chabe, kuti tsiku loyamba akadzaitanidwa ku maphunzilo a kothaŵila, foni adzaiike m'thumba, adzamvetsele mawu amene akukamba, na kuŵelenga makomo kuchoka pachipinda chake kukafika pa masitepe.