Olambula Njira ya Agogo ku Malowera

Ku Malowera, m'boma la Marávia ku Mozambique, kufupi ndi malire a Zambia, nkhalamba yodwala nyamakazi kapena yochita ng'ala m'maso sikhala pakhomo chifukwa cha matenda okha. Imatchingidwanso ndi chigwembe chimene mvula yakumba pakati pa nyumba yake ndi bwalo la mfumu, ndi mtsinje wopanda ulalo, ndi mjigo wakutali wolimba kupopa. Midzi ndi yotalikirana, ndipo dzinja likafika ulendo wa ku Fingoè, kulikulu la boma, umatopetsa ngakhale mnyamata wamphamvu.

N'chifukwa chake tikuyamikira anthu amene ntchito yawo sitchulidwa pamisonkhano. Pali achinyamata amene amakweza agogo panjinga kuti akafike kumaliro a mnzawo. Pali eni ngolo amene amaima n'kunena kuti, "Kwerani agogo, tikupita komweko." Pali amayi a mumpingo amene amadzera kunyumba kwa wosaona Lamulungu m'mawa n'kumugwira dzanja, ndi mdzukulu amene amalambula kanjira ka kuchimbudzi, kuchotsa zitsa ndi miyala. Wina angati izi n'zazing'ono. Ife tikuti ayi, pakuti munthu amene waleka kuoneka kumaliro ndi kubwalo amayamba kuiwalika akadali moyo, ndipo kawirikawiri nkhalamba yokhala yokhayokha ndi imene anthu amathamangira kuinamizira ufiti.

Tisaiwale kuti akuluakuluwa ndani. Ambiri a iwo anaona nkhondo yapachiweniweni imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ena anathawira ku Zambia, kumene anthu a ku Mozambique ankasungidwa ku Ukwimi m'boma la Petauke, ndipo atabwerera anatsegulanso minda imene inali itasanduka tchire, m'dziko limene mabomba okwirira anapundula anthu mpaka pamene linalengezedwa kuti layeretsedwa mu 2015. Iwowa ndiwo amadziwa pamene malire a munda akudutsa, ndiponso kuti uje ndi wa mbumba ya yani. Mlandu wa malo wokambidwa iwo palibe sutha, umadzukanso chaka chamawa.

Boma nalo lachitapo mbali yake. Lamulo la 2014 limateteza ufulu wa anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo, ndipo mu 2012 Mozambique inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala. Bungwe la boma la INAS limapereka ndalama yothandizira okalamba ndi olumala osowa pogwira, imene mu 2018 inaikidwa pa mameticais 540 pamwezi kwa munthu wokhala yekha. Apa tithokoze makamaka anthu osankhidwa m'mudzi momwemo, otchedwa permanentes, amene amayenda khomo ndi khomo kuthandiza kulembetsa oyenera ndi kuwauza tsiku la malipiro, komanso alangizi a zaumoyo a m'midzi, ma APE, amene amafika pamene chipatala sichifika.

Komabe sitibisa: ndalamayi ndi yochepa, ndipo m'zaka zaposachedwa yakhala ikuchedwa miyezi yambiri m'madera osiyanasiyana a dziko. Ikabwera, agogo osayenda bwino amafunikabe wowanyamula kukafika pamalo olandirira, n'kukadikira padzuwa. Chifundo cha anansi chisakhale chifukwa choti akuluakulu a boma apinde manja.

Pempho lathu kwa mafumu ndi ofesi ya boma ku Malowera ndi losafuna ndalama zambiri. Malipiro azichitikira pafupi ndi midzi, pamthunzi, pali pokhala. Ntchito yachitukuko mvula isanayambe iziyambira pa maulalo ndi tinjira topita kumjigo, kutchalitchi ndi kubwalo. Pomanga chimbudzi pasukulu kapena pachipatala, khomo likhale lotakata, lopanda masitepe, ndipo mkati mukhale chogwirira.