Wokwera kabaza apatsidwe popondera pabwino

Munthu akafuna kukwera kabaza wa njinga yamoto kuchoka ku Chinsapo kupita m'tauni ku Lilongwe, kapena kuchoka ku Bangwe kupita ku Limbe, amayang'ana zinthu zitatu: nkhope ya woyendetsa ngati sanalaweko, chipewa ngati chilipo, kenaka mtengo. Tizitsulo tiwiri timene mapazi ake apondepo ulendo wonse sakhala nato ntchito. Amatikumbukira njinga italiyatsa kale liwiro, phazi lamanja likuterereka pa chitsulo chimene labala wake anatha kalekale, lamanzere likufufuza popondera pamene panathyoka chaka chatha.

Zopondera za wokwera kumbuyo zimatengedwa ngati zokongoletsera chabe, pomwe ndizo zimamusunga munthu pa njinga. Woyendetsa ali ndi mahandulo m'manja, ali ndi thanki yoti aipane ndi mawondo, ndiponso amadziwiratu nthawi imene amange buleki. Wakumbuyo alibe chilichonse mwa izi. Njinga ikaima mwadzidzidzi thupi lake limakankhikira kutsogolo, ndipo chomuletsa kugunda msana wa woyendetsa ndi mapazi amene waponda nawo mwamphamvu. Pa hampu kapena pa dzenje, wokwera wozolowera amadzuka pang'ono pampando kuti miyendo ilandire kugogoda kumene kukanalowa m'msana. Wopanda popondera amagwira chilichonse chimene manja ake apeza, kawirikawiri mapewa a woyendetsa, ndipo njinga imayamba kuyenda mokhotakhota.

Chodabwitsa n'chakuti akabaza a njinga zakapalasa anazidziwa kale izi. Amene anakwerapo sakaramento ku Mzuzu kapena kabaza wa ku Salima akudziwa mmene eni ake amakonzera malo a kasitomala: khushoni yokhuthala pa kaliyala, timahandulo togwirira, ndi zopondera zowotcherera bwino mbali zonse ziwiri. Amatero chifukwa amadziwa kuti kasitomala amene phazi lake lalowa m'masipoko sabweranso. Njinga zamoto zitachuluka, liwiro linakwera koma chisamaliro chimenechi chinatsalira m'mbuyo.

Kutalika kwa zopondera nako kuli ndi nkhani yake. Zikakhala m'mwamba kwambiri, mawondo a munthu wamtali amapindika mpaka kufika m'nthiti za woyendetsa, chiuno chimayamba kuwawa, ndipo pa ulendo wautali wa kumudzi miyendo imachita dzanzi moti potsika munthu amadzandira ngati waledzera. Zikakhala pansi kwambiri, wamfupi amaponda ndi zala zokha. Pa njinga zina zazing'ono zopondera zimamangidwa pa chitsulo chimene chimagwira tayala lakumbuyo, chija amakaniko amati swing arm, ndiye tayala likagwa m'dzenje mapazi a wokwera amagwa nalo limodzi. Pa zina zimamangidwa pa felemu, pamwamba pa mashoko, ndipo ulendo umakhala wofewa. Wogula njinga yochitira bizinesi akanamayang'ana zimenezi asanatulutse ndalama, koma ambiri amafunsa za mafuta ndi mtengo wa masipeyala basi.

Nanga zopondera zingasunthidwe? Zingatheke ndithu, ndipo kunja kuli makampani amene amagulitsa tizitsulo tomangira ndi mabawuti, totsitsa zopondera ndi masentimita awiri kapena atatu, kapena kuzipititsa patsogolo pang'ono. Masentimita atatu amaoneka ochepa, koma bondo limamva kusiyana kwake. Njinga za injini ya 100cc mpaka 150cc zimene zadzaza m'misewu yathu zilibe mabowo osinthira, choncho ntchitoyi imathera kwa wowotcherera wa pamsika. Apa ndi pamene pamafunika mutu, chifukwa mbali iliyonse ya njinga ili ndi choopsa chake.

Kumanja kumadutsa ekizozi. Chopondera chikatsitsidwa mosaganiza bwino, chidendene chimakhala pa paipi yotentha, ndipo patapata kapena nsapato ya pulasitiki imayamba kusungunuka mwini wake asanamve n'komwe. Anthu ambiri okwera kabaza ali ndi chipsera chozungulira pa katumba wa mwendo wamanja, chizindikiro cha tsiku limene anatsikira mbali yolakwika kapena phazi linaphonya popondera. Kumanzere nthawi zambiri kumakhala tcheni, ndipo njinga zambiri za kabaza zinachotsedwa kavala yake chifukwa inkasokosa kapena inkavutitsa pothira oyilo. Chopondera chotsika kwambiri chimakhulanso pansi njinga ikapendekeka pa kona, makamaka itanyamula munthu wathupi ndi katundu wake, ndipo chitsulo chowotcherera chosapindika chikakola pa tala chimatha kunyamula tayala lakumbuyo. N'chifukwa chake zopondera za kufakitale zimapindikira m'mwamba. Wowotcherera amene wangomata chidutswa cha chitsulo chomangira nyumba wachotsa chitetezo chimenechi, ngakhale ntchito yake ioneke yolimba bwanji.

Kukonza koyenera si kovuta. Chitsulo chotsitsira chikhale chokhuthala, chimangidwe ndi bawuti yolimba pa bowo lakale, mbali zonse ziwiri zifanane, ndipo pakati pa nsapato ndi ekizozi patsale mpata woonekeratu, ndi kambale kotchinga kutentha kali pamalo pake. Kapini kamene chopondera chimazungulirapo kakatayika, pagulidwe kena. Msomali wopinda kapena waya, zomwe zimaoneka pa siteji iliyonse, zimaduka tsiku limene wokwera waponda mwamphamvu kwambiri, lomwe ndi tsiku la buleki wadzidzidzi. Nthawi zina vuto silikhala pa zopondera n'komwe. Mashoko ambiri akumbuyo ali ndi kakolala ka masitepe kolimbitsira sipuling'i, ndipo njinga yonyamula anthu tsiku lonse ikasiyidwa pa sitepe yofewa imakhala pansi n'kumakhulitsa chilichonse.

Nkhani ya amayi ndiyo imafuna kuikhalira pansi. Ambiri ovala chitenje kapena siketi yaitali amakhala chammbali, miyendo yonse iwiri kumanzere, kumene nthawi zambiri kumakhala tcheni. Kachopondera kamodzi kotalika ngati chala sikangakwane mapazi awiri, ndiye lina limangolendewera, nsonga ya chitenje ikupepeluka pafupi ndi tayala. Kukhala motang'adza ndiko kotetezeka, ndipo malamulo a pamsewu a ku South Africa amanena mosapsatira kuti wokwera kumbuyo akhale chotero, mapazi ali pa zopondera zoyenera. Koma mayi wopita ku maliro kapena ku tchalitchi sasintha kakhalidwe kake mawa chifukwa choti nyuzipepala yalemba.

Dziko la India, komwe amayi ovala sari amakhalanso chammbali, linathana ndi vutoli pa njinga yeniyeniyo. Lamulo nambala 123 la Central Motor Vehicles Rules la chaka cha 1989 limafuna kuti njinga yamoto yonyamula munthu kumbuyo ikhale ndi pogwira, zopondera, ndi chotchinga chophimba theka la tayala lakumbuyo kapena kuposerapo, kuti zovala zisakodwe. Njinga zambiri zogulitsidwa kumeneko zimabweranso ndi kambale kotakata kumanzere kopondapo mapazi onse awiri. Njinga za Bajaj ndi TVS zimene zimayenda m'misewu ya kuno ndi za makampani a ku India komweko. Chotchinga chotere ndi waya wokhuthala wolukidwa pa felemu, ntchito imene amisiri a ku Ndirande, amene amapanga mbaula ndi mafelemu a mawindo tsiku ndi tsiku, angaigwire dzuwa lisanapendeke.

Palinso chimene palibe mmisiri angachikonze. Njinga ili ndi zopondera za wokwera mmodzi. Akakwera awiri kapena atatu, monga zimachitikira m'mawa uliwonse ana akamapita kusukulu, wapakati amasowa poika mapazi ndipo amawakoleka pa injini kapena kuwasiya m'malere. Mwana amene miyendo yake siifika pa zopondera sanafike msinkhu wokhala yekha kumbuyo kwa njinga yamoto, kaya kholo lathamangitsidwa bwanji ndi nthawi.

Madokotala a mafupa pa zipatala za Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth akhala akudandaula kuti ovulala pa ngozi za kabaza akudzaza mawodi. Zokambirana zake zimazungulira pa zipewa, malayisensi ndi kulembetsa njinga, ndipo zonsezi n'zofunikadi. Palibe amene akunena kuti zopondera ndizo gwero la ngozi zonse. Koma pa zonse zofunika kukonza pa kabaza, ichi ndicho chotchipa kwambiri, sichifika ngakhale pa mtengo wa tayala limodzi, ndiponso wapolisi wa pamsewu angachione ndi maso osafunsa pepala lililonse. A Directorate of Road Traffic and Safety Services atachiika pa mndandanda wa zoyendera, sipangafunike makina atsopano.

Chimene chimalepheretsa n'chakuti njinga zambiri si za amene amaziyendetsa. Mnyamata amapatsidwa njinga ndi bwana amene amadikira tageti yake madzulo alionse, ndipo ndalama iliyonse yogulira labala wa chopondera imachoka pa ya ndiwo za mnyamatayo. Bwanayo sakwera kumbuyo, choncho saona vuto. Makomiti a pa siteji, amene amatha kale kutolera ndalama za umembala ndi kuthamangitsa mlendo wofuna kunyamula makasitomala awo, ali ndi mphamvu zokwanira kuuza njinga yopanda zopondera kuti isaime pa mzere mpaka itakonzedwa. Njinga ikagona tsiku limodzi osabweretsa tageti, bwana uja apita yekha kokagula kapini ndi labala.